Kagulidwe ndi Kakazingidwe ka Khofi Wapamwamba Wochokera kwa Alimi Ang'onoang'ono

Aliyense amene anakazingapo mtedza pa chiwaya amadziwa kuti moto suika mu mtedza kukoma kumene mtedzawo unalibe, chifukwa wachuku umachoka pamoto uli wowawabe, ndipo wosakhwima umangofota osanona. Khofi nayenso ndi chimodzimodzi. Wokazinga angathe kutulutsa kukoma kumene mlimi anasunga m'njere, angathenso kukupha m'mphindi imodzi yokha, koma sangathe kukulenga. N'chifukwa chake ndiyamba ndi kagulidwe ndipo ndikhalitsapo, pakuti ambiri amene amafuna kuyamba ntchito imeneyi amathamangira kufunsa mtengo wa makina asanadziwe munda umene njere zawo zidzachokere.

Mawu akuti khofi wapamwamba ali ndi muyezo wake pa msika wa dziko lonse. Akatswiri olawa amapereka mapointi pa 100, ndipo khofi amene wafika pa 80 kapena kupitirira ndiye amalowa m'gulu limeneli, malinga ndi ndondomeko imene bungwe la Specialty Coffee Association linafalitsa. Pafupifupi khofi yense wa m'gululi ndi wa mtundu wa Arabica, umene umakonda malo okwera ndi ozizira kumene chipatso chimapsa pang'onopang'ono, njere n'kulimba, shuga n'kuchuluka. Kuno ku Malawi tili ndi mwayi woti malo oterowo sitiwafuna kutali. Khofi anafika m'dziko muno ndi amishoni a ku Scotland ku Blantyre chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, ndipo lero alimi ang'onoang'ono ambiri ali m'mapiri a kumpoto: ku Misuku m'boma la Chitipa, ku Phoka ndi ku Viphya m'dera la Rumphi, m'mapiri a Nkhata Bay ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Mzimba, komanso ku Ntchisi m'chigawo chapakati. Ambiri mwa iwo ali m'makopaletivi amene amapanga Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Kum'mwera, monga ku Thyolo, khofi amalimidwa makamaka m'maesiteti.

Kukafika kumunda

Nthawi yabwino yokaona khofi ndi nyengo yokolola, imene kwathu kuno imagwa m'miyezi yozizira ndi yopanda mvula, kuyambira cha mu Meyi mpaka cha mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo malo okwera kwambiri amachedwerapo. Pitani nokha. Musanalowe m'munda wa munthu aliyense, kaonaneni ndi atsogoleri a kopaletivi ndi mlangizi wa deralo, ndipo mufotokoze momveka chimene mwadzera. Ndikunena izi motsindika chifukwa alimi ambiri amakhala atalandira mbande, zipangizo kapena ulangizi kudzera ku gulu lawo, ndipo pamakhala mgwirizano woti khofi wawo adzagulitsa kumeneko. Wogula amene amazembera gulu n'kukanyengerera mlimi mmodzi ndi ndalama ya pamanja amachita zimene mavenda ena amachita ndi mbewu zina: chaka chimenecho apeza katundu, koma amagwetsa makina osendera zipatso za khofi ndi mathandala oyanikira amene khofi wabwinoyo amadalira. Njira yowongoka ndi kupempha gulu kuti likupatulireni khofi wa malo amodzi osendera, kapena wa alimi ochepa odziwika, ndipo mulipire mtengo woposa wa nthawi zonse chifukwa cha ntchito yapaderayo.

Choyamba kuyang'ana ndi dengu la wothyola. Chipatso cha khofi chimayenera kuthyoledwa chitafiira psuu, chimodzichimodzi, ndipo mtengo umodzi amaubwerera kangapo m'nyengo imodzi chifukwa zipatso sizipsera limodzi. Mukaona m'dengu muli zobiriwira, zachikasu ndi zakuda zouma pamodzi ndi zofiira, dziwani kuti nthambi zinachita kupululidwa, ndipo khofi ameneyo adzaumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa. Funsani ngati zipatso zimathiridwa m'madzi kuti zoyandama zichotsedwe, pakuti zoyandamazo zimakhala zopanda kanthu m'kati kapena zoboola tizilombo. Funsaninso kuti pamapita maola angati kuchokera pothyola kufika posenda. Yankho loyenera ndi lakuti tsiku lomwelo, chifukwa chipatso chikagona m'thumba chimayamba kusasa, ndipo fungo la kusasako silichokanso ngakhale mutakazinga mwaluso lotani.

Khofi wambiri wa kwathu amakonzedwa m'njira yotsuka. Akasenda khungu lofiira, njere zimatsala ndi thelele lotsekemera, ndipo amazivundika m'thanki kwa tsiku limodzi kapena awiri malinga ndi kuzizira kwa malo, mpaka thelelelo litasungunuka. Mlimi wodziwa amapisa dzanja n'kufikisa njere. Zikamakhakhala ngati timiyala ta mumtsinje, ndiye kuti zakwana kutsuka. Zikapitirira nthawi zimanunkha ngati viniga kapena anyezi woola. Palinso njira yoyanika chipatso chathunthu osasenda, imene imatulutsa khofi wonunkhira zipatso zakupsa, koma imafuna kutembenuza pafupipafupi ndipo ikalakwika imabweretsa chuku. Kwa woyamba kumene ndimalangiza khofi wotsuka, chifukwa zolakwa zake zimaonekera msanga ndipo pamoto savuta.

Pa thandala m'pamene kudekha kumaonekera, ndipo akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Njere zimayanikidwa mopyapyala pa mathandala okwera kuti mpweya uzidutsa pansi, zimatembenuzidwa kangapo pa tsiku, zimaphimbidwa dzuwa likaswa mtengo ndiponso usiku kuopa mame, ndipo zimatenga masabata awiri kapena kupitirira kuti ziume bwino. Khofi woyanikidwa pa dothi amatenga fungo la dothi, ndipo woumitsidwa mothamanga padzuwa lamphamvu amang'ambika chikhungwa ndipo amakalamba msanga m'thumba. Chinyezi choyenera cha njere zouma ndi pakati pa 10 ndi 12 peresenti. Makopaletivi ambiri ali ndi kachipangizo koyezera chinyezi, ndipo musachite manyazi kupempha kuti ayeze inu mukuona. Kachipangizoko kakasowa, lumani njere imodzi: yowuma bwino imalimba zedi ndipo dzino silisiyapo chibowo, pomwe yachinyezi imabonyoka ngati chimanga chosauma.

Funsaninso mtundu wa mitengo. Kumpoto mudzamva kwambiri za Geisha ndi Nyika, imene dzina lake lina ndi Catimor 129, mtundu waufupi wopirira ku chiwawu cha masamba ndi matenda a zipatso. Dzina la Geisha linatchuka padziko lonse mu 2004, khofi wa pa famu ya Hacienda La Esmeralda ya ku Panama atapambana mpikisano wa Best of Panama, koma musalipire dzina lokha, chifukwa mitengo yotchedwa Geisha m'mayiko osiyanasiyana si yofanana yonse, ndipo kasamalidwe ka munda kamaposa dzina la mbewu.

Kusankha ndi kulawa musanalipire

Khofi akachoka pa thandala amakhala akadali m'chikhungwa chake chouma, chimene amachitcha pachimenti, ndipo ndi bwino apume momwemo kwa mwezi umodzi kapena iwiri asanakonoledwe. Izi zikutanthauza kuti khofi wa nyengo yatsopano mudzamupeza wokonzeka chakumapeto kwa chaka. Powerengera mtengo kumbukirani kuti pamafunika makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso zofiira kuti patuluke kilogalamu imodzi ya njere zokonola, ndiponso kuti pachimenti akakonoledwa amataya pafupifupi limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake. Amene waona zimenezi ndi maso ake sanenerera mtengo mopanda chisoni.

Pemphani sampulo ya magalamu 350 ya njere zokonola kuchokera m'matumba enieni amene mukufuna kugula, muitambasule pa pepala loyera pamalo owala, ndipo musankhe ngati mmene timasankhira nyemba tisanatereke. Pa muyezo wa khofi wapamwamba, m'magalamu 350 amenewo simuyenera kupezeka ngakhale chilema chachikulu chimodzi, monga njere yakuda bii, yosasa yofiirira, yachuku, mwala kapena kamtengo, ndipo zilema zazing'ono, monga njere zosweka, zosakhwima kapena zolumidwa pang'ono ndi tizilombo, zisapitirire zisanu pa kawerengedwe kake. Njere zabwino zimakhala zobiriwira mopita ku mtundu wa phulusa ndipo zimanunkhira ngati udzu wongouma kumene. Zikakhala zotuwa kapena zachikasu, n'kumanunkha chiguduli, ndiye kuti ndi za chaka chatha kapena zinasungidwa molakwika. Zilembo zimene mudzaone pa matumba, monga AA, AB ndi PB, zimanena za kukula ndi maonekedwe a njere basi. AA ndi zazikulu, PB ndi zobulungira zimene zimabadwa imodzi yokha m'chipatso. Kukula kofanana kumathandiza kuti njere zipsere limodzi pamoto, koma sikulonjeza kukoma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo mudzazipeza polawa.

Kulawa kuli ndi ndondomeko yake, ndipo ndondomekoyo ndi yosavuta kuitsatira ngakhale pa tebulo la kunyumba. Kazingani pang'ono pa sampuloyo mosadetsa, muisiye igone usiku umodzi, kenaka mukonze makapu asanu ofanana, ndipo kapu iliyonse muipere payokha. Muyezo ndi magalamu 8.25 a khofi wopera mokhakhala pa mamililita 150 a madzi otentha madigiri pafupifupi 93. Ku Lilongwe kapena ku Mzuzu madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 chifukwa cha kukwera kwa malo, choncho mukawaphula n'kudikira kanthawi kochepa amakhala akwana. Nunkhizani khofi wouma, thirani madzi, dikirani mphindi zinayi, kenaka muswe ndi supuni chikhakha chimene chayandama pamwamba mphuno yanu ili pafupi. Mukachotsa thovu ndipo khofiyo akayamba kuzizira, tungani ndi supuni n'kukoka mwamphamvu ndi mpweya kuti amwazike m'kamwa monse. Musathire shuga kapena mkaka.

Chifukwa chokonzera makapu asanu ndi chakuti njere imodzi yoipa imaononga kapu imodzi yokha, ndipo kusiyana kwa makapu kumakuuzani kuti m'thumbamo muli zosakanikirana. Lawani mpaka khofiyo atazizira, chifukwa wabwino amakomabe atazizira pomwe woipa amaulula zonse panthawi imeneyo. Polemba zimene mwamva, gwiritsani ntchito zipatso zimene lilime lanu limazidziwa. Pali kuwawasa kosangalatsa konga kwa nachesi, bwemba kapena chidede, kumene kumapatsa khofi moyo, ndipo pali kuwawasa kwa viniga kumene ndi chilema. Pali kutsekemera konga kwa uchi, nzimbe kapena masuku akupsa. Fungo la mbatata yaiwisi ya kachewere, limene limadziwika kwambiri ndi khofi wa ku Rwanda ndi Burundi ndipo amaligwirizanitsa ndi kachilombo ka antestia, ndi chilema, monganso fungo la chuku, la dothi ndi la mankhwala.

Mukakhutira, lembani mgwirizano wonena kulemera, mtengo, chinyezi, tsiku lotenga katundu ndi dzina la malo osendera, ndipo musunge gawo la sampulo kuti mudzafananitse ndi katundu akafika. Kenaka chitani chinthu chimodzi chimene ogula ambiri amaiwala: bwererani ndi khofi wokazinga kwa alimi amene anamulima kuti mukalawe nawo limodzi. Alimi ena akhala akulima khofi zaka zambiri osamwako wa m'munda mwawo wokonzedwa bwino, ndipo mlimi akalawa yekha kusiyana kwa kapu ya zipatso zofiira ndi ya zosakaniza, chaka chamawa simudzafunikanso kumukumbutsa za kathyoledwe.

Posunga, ikani njere m'thumba losalowa mpweya, longa matumba a PICS amene ambiri amasungiramo chimanga popanda mankhwala, koma likhale latsopano. Musanjike pa matabwa, kutali ndi khoma, m'chipinda chozizira chopanda feteleza, palafini, sopo kapena usipa, chifukwa khofi amayamwa fungo lililonse loyandikana naye. Gulani wokwanira miyezi yochepa kufikira chaka chimodzi, osapitirira.

Pamoto

Kaya mukugwiritsa ntchito chiwaya kapena makina a mgolo wozungulira, njere zimadutsa m'njira imodzimodzi. Poyamba zimataya madzi n'kusintha kuchoka ku zobiriwira kupita ku zachikasu, fungo lili ngati la udzu, kenaka ngati la buledi ali mu uvuni. Zikatero shuga ndi zomanga thupi za m'njere zimayamba kugwirizana, mtundu umafiirira, ndipo m'gawo limeneli m'mene mumabadwa fungo lambiri la khofi. Kutentha kwa njere kukayandikira madigiri 196, nthunzi ya m'kati imaphulitsa njere ndipo mumamva kuthetheka konga kwa mbuliwuli. Kumeneku ndi kuthetheka koyamba, ndipo kuchokera pamenepa khofi akhoza kumwedwa. Mukapitiriza, pa madigiri pafupifupi 224 pamabwera kuthetheka kwachiwiri, kwapansipansi ndi kofulumira, mafuta amatulukira kunja, utsi umachuluka, ndipo kukoma kwa kumunda kumayamba kukwiririka ndi kwa moto. Manambala amenewa amasiyanako malinga ndi pamene choyezera kutentha chaikidwa, choncho khulupirirani khutu, diso ndi mphuno pamodzi ndi chipangizo.

Kwa khofi wapamwamba wa m'mapiri athu, malo abwino ophulira ali pakati pa kuthetheka kuwiriku, nthawi zambiri mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri kuchokera pamene koyamba kwayamba. Ndimadandaula ndikaona khofi wa ku Misuku, amene mayi wina anathyola chipatso chimodzichimodzi pa mtsetse wa phiri m'kuzizira kwa Julayi, atadetsedwa mpaka kunyezimira mafuta, chifukwa akafika pamenepo sasiyananso ndi khofi wina aliyense wotsika mtengo.

Woyamba ndi chiwaya asankhe chachitsulo chokhuthala chimene sichinakazingirepo nsomba kapena mafuta, ndipo aikemo magalamu 200 mpaka 250 okha, kuti njere zisaunjikane. Gasi ndi wosavuta kumuwongolera, koma mbaula imathekanso ngati makala ayaka onse, lawi ndi utsi zatha, ndipo moto mumauchepetsa pokweza chiwaya. Tenthetsani chiwaya musanathire njere, ndipo mukathira musaleke kutakasa ndi mthiko ngakhale kwa kanthawi, chifukwa njere ikagona mbali imodzi imapserera kunja m'kati muli mwawisi. Yesetsani kuti njere zikhale zachikasu pofika mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kuthetheka koyamba kumveke pakati pa mphindi 9 ndi 11, ndipo ntchito yonse ithe pasanathe mphindi 15. Kuthetheka kukayandikira chepetsani moto pang'ono, chifukwa panthawiyi njere zimathamanga zokha, koma musauchepetse mpaka kuthethekako kuzime. Moto wochuluka umatulutsa njere za mawanga akuda zowawa ngati khala, ndipo moto wofooka wotenga mphindi 20 umatulutsa khofi wozizira m'kamwa, wopanda kutsekemera, wokoma ngati katoni. Kazingirani panja kapena pa khonde, chifukwa utsi wake ndi wambiri.

Mukaphula, njere zimapitiriza kupsa ndi kutentha kwawo komwe, choncho ziziziritseni msanga, pasanathe mphindi zinayi. Apa lichero limagwira ntchito kuposa zipangizo zambiri zogula: khuthulirani njere m'sefa wachitsulo kapena m'lichero louma, muzipeta pamphepo, ndipo mankhusu opepuka amene asendeka pamoto adzauluka okha. Musawaze madzi. Zikazizira, tolani njere zonse zimene zatsala zotuwa pakati pa zinzake. Zimenezo zinali zosakhwima, ndipo zimakoma ngati mtedza wofota.

Pa makina a mgolo, tenthetsani mgolowo mokwanira musanayambe, musaudzaze kufika pa mlingo wonse umene opanga analemba, ndipo muyambe ndi moto wamphamvu n'kumautsitsa pang'onopang'ono, kuti kutentha kwa njere kuzikwerabe koma liwiro la kukwerako lizichepa mpaka pophula. Njere zolimba za kumalo okwera zimapirira moto wamphamvu poyambira, pomwe za khofi woyanika ndi khungu zimapserera msanga ndipo zimafuna dzanja lofatsa. Konzekeranitu chochita magetsi akazima mgolo uli wodzaza, chifukwa mgolo ukaima njere zimayaka. Dziwani mmene mungazimitsire gasi ndi kukhuthula njere mwachangu. Chotsaninso mankhusu m'makina tsiku lililonse, pakuti moto wambiri wa m'nyumba zokazingira umayambira m'mankhusu ndi m'mapaipi a utsi osatsukidwa.

Chida chimene ndimachiika patsogolo pa zonse ndi kope. Lembani kulemera kwa njere musanakazinge ndiponso mutakazinga, nthawi imene zinasanduka zachikasu, nthawi ya kuthetheka koyamba, nthawi yophula, ndi mmene kunja kunalili, chifukwa m'mawa wa Juni ndi masana a Okutobala sizifuna moto wofanana. Kulemera kotayika kumakuuzani zambiri: kukazinga kopepuka kumachotsa 12 mpaka 14 peresenti, kwapakati 15 mpaka 17, ndipo kodetsa kumayandikira 20. Choncho kilogalamu imodzi ya njere zaziwisi imakupatsani magalamu pafupifupi 850, ndipo zimenezi ziyenera kulowa m'mtengo wogulitsira. Tsiku lotsatira lawani, mufananitse ndi zolemba zanu. Khofi akamveka udzu ndi kuwawasa kolasa, moto sunafike m'kati ndipo muonjezere nthawi pambuyo pa kuthetheka. Akamveka utsi ndi kuwawa, muphule msanga ulendo wotsatira. Sinthani chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza.

Khofi wongokazinga kumene amatulutsa mpweya wa kaboni kwa masiku angapo, ndipo amakoma bwino akapuma masiku atatu mpaka asanu ndi awiri. Musungeni m'chitini chotseka bwino kapena m'mapaketi okhala ndi kavavu kotulutsa mpweya koma osaulowetsa, kutali ndi dzuwa, ndipo osati mufiriji momwe muli chinyezi ndi fungo la ndiwo. Perani pokhapokha mukufuna kumwa, chifukwa wopera amataya fungo mofulumira kwambiri; chopera cha pamanja ndi chabwino, ndipo kamtondo katsopano kosasinjirapo tsabola kapena nsinjiro kangathandize poyambira. Ngati mukufuna kugulitsa m'masitolo, kafunseni ku Malawi Bureau of Standards za zofunika pa chakudya cha m'paketi musanasindikize chilichonse. Pa paketipo mulembe tsiku lokazinga, dera, malo osendera, mtundu wa mitengo, njira yokonzera ndi chaka chokolola, ndipo muzikazinga wochepa amene angathe m'sabata zinayi kapena zisanu ndi imodzi, kuti wogula akabwera kudzafunsanso khofi wa ku Phoka uja mumupatse wongochoka pamoto sabata yomweyo.